Chala chimene chinaloza posaina chinali changa

Amayi anabwera kuno ku California kudzandithandiza kulera mwana wanga wachiwiri. Tinkati akhala miyezi isanu ndi umodzi, koma miyeziyo inasanduka zaka, mpaka mapepala awo okhalira anatheka. Maso anali atayamba kale kuwavuta adakali ku Dedza. Iwo ankati ndi utsi wa m'khitchini, ndipo ankaseka akalephera kulowetsa ulusi pa singano. Dokotala wa kuno atawayeza anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo kuchotsa kwake si nkhani yoti munthu n'kugonera m'chipatala: m'mawa opareshoni, masana nsima kunyumba. Anati ayambe ndi lakumanzere.

Tsiku lokalembetsa ndimalikumbukira bwino kuposa tsiku la opareshoni. Mtsikana wa pakauntala, waulemu wake ndithu, anatipatsa mulu wa mapepala opanidwa pa kathabwa, paliponse pofunika kusaina ataikapo kachizindikiro kachikasu. Mwana anali kumsana akuvuta, ine ndinali nditachokera ku ntchito ya usiku, maso akulemera ndi tulo. Ndinawerenga pepala loyamba, la inshuwalansi. Lachiwiri ndinangoliyang'ana pamwamba. Kuyambira lachitatu ndinkangosaka pali kachikasu.

"Awa ndi aja osainira opareshoni?" anafunsa Amayi.

"Eya, Amayi. Sainani apa. Ndi apanso."

Anasaina pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano, monga anaphunzirira ku sukulu ya kwacha. Pa pepala limodzi, pamwamba penipeni pa mzere wosainapo, panali mawu a zilembo zofiira, zikuluzikulu. Ndinawaona. Sindinganame kuti anabisika. Ndinawaona ngati mmene munthu amaonera chikwangwani cha pamsewu umene amadutsa tsiku ndi tsiku, ndipo chala changa chinatsika n'kukaloza pamzere.

Opareshoni inachitika Lachiwiri. Lachitatu tinabwererako kukaonedwa, zonse zili bwino, Amayi akudabwa kuti mtengo wa panja pa chipatala uli ndi masamba oti n'kuwerenga limodzilimodzi. Lachisanu chakumadzulo diso linayamba kuwawa ndi kufiira, chifunga chija n'kubwerera. Ndinaimba foni. Amene anayankha anati zimachitika, tipitirize kudontheza mankhwala, tibwere Lolemba. Loweruka ndinaimbanso, ndinangosiya uthenga pa makina. Ndinafuna kuimba kachitatu koma Amayi anandigwira dzanja: "Usawavutitse anthu, mwanawe. Nawonso ali ndi mabanja awo." Lamlungu usiku chikope chinali chitatupa, iwo akubuula chamumtima, ndipo tinathamangira ku chipatala chachikulu. Dokotala wa maso amene anaitanidwa usiku umenewo anaunika kamodzi kokha n'kutembenukira kwa ine: bwanji simunabwere Lachisanu?

Tizilombo tinali titalowa m'kati mwa diso. Zimachitika kamodzikamodzi pambuyo pochotsa ng'ala, ndipo zikachitika zimathamanga ndi maola. Mankhwala ake ndi jakisoni wobaya m'diso momwemo, msangamsanga. Anabaya, anachitanso opareshoni ina. Lero diso limenelo limangosiyanitsa usana ndi usiku basi.

Za loya Amayi sanafune n'kumva komwe. "Ndikasumire munthu amene amafuna kundithandiza? Khoswe wa pamkhate sapheka, mwananga. Nanga ng'ala ya diso linalo adzandichotsa ndani?" Anawonjezera zimene aliyense wa kwathu angawonjezere, kuti Mulungu ndiye amadziwa. Ine sindinatsutse za Mulungu. Koma foni ya Lachisanu ija sanayankhe Mulungu. Ndipo chimene chinkandisowetsa tulo si ndalama ayi: palibe ndi mmodzi yemwe wa ku chipatala chija amene anatiimbira kudzatiuza kuti uthenga wathu unathera kuti, unafika kwa dokotala kapena ayi, amene anatiyankha anali namwino kapena wongolandira mafoni. Tinkangolandira makalata a bilu.

Maloya awiri oyamba anatikana pafoni pomwepo, mwaulemu kwambiri. Wachitatu, bambo wachikulire wa ofesi yaing'ono, anatipatsa ola lathunthu, ndipo m'ola limenelo ndinaphunzira zambiri za dziko lino kuposa m'zaka zonse zimene ndakhala ndikusambitsa okalamba ake.

Choyamba anatiuza kuti kuvulala m'manja mwa dokotala pakokha si mlandu. Tizilombo kulowa m'diso kungachitike ngakhale kwa dokotala wosamala kwambiri, ndipo pepala lovomera opareshoni lija limatchula zimenezo. Mlandu umabadwa pamene chithandizo chatsika kusiyana ndi chimene dokotala wodziwa ntchito yake akanapereka pa vuto ngati lomwelo, ndipo kutsikako ndiko kwabweretsa kuvulala. Ziwiri zonsezi ziyenera kutsimikizidwa, ndipo wotsimikiza si ine, si Amayi, si loya: ndi dokotala wina wa maso, amene alipidwe kuti awerenge fayilo ndi kuchitira umboni kuti Lachisanu lija anayenera kutiitana, komanso kuti akanatiitana diso likanapulumuka. Mbali inayo nayo ibweretsa dokotala wake wonena kuti diso linali litapita kale. Madokotala a umboni amenewa ndi okwera mtengo, ndipo ndalamazo amayamba watulutsa ndi loya m'thumba mwake, poti maloya a milandu yotere salipidwa pokhapokha atapambana, n'kutapa gawo lawo pa chipukuta misozi.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake awiri aja anatikana. Chipukuta misozi kuno amachigawa pawiri. Pali ndalama zowerengeka: mabilu a chipatala, malipiro amene munthu wataya ndi amene adzataye chifukwa cholephera kugwira ntchito. Zimenezi zilibe malire. Ndiye pali za ululu, za kuvutika, za kusaonanso nkhope ya mdzukulu ndi maso awiri. Izi ku California zili ndi denga. Mu 1975, madokotala atadandaula kuti inshuwalansi yowateteza ku milandu yakwera mosapiririka, aphungu anakhazikitsa lamulo lotchedwa MICRA, bwanamkubwa Jerry Brown n'kusaina, lonena kuti za ululu zisapitirire madola 250,000. Ndalama imeneyi inakhala pomwepo zaka zoposa 45, mitengo ya zinthu ikukwera chaka ndi chaka. Mu 2014 nkhani yoikweza inapita ku voti, anthu anaikana. Mu 2022 ndi pamene mbali ya madokotala ndi ya oimira odwala zinagwirizana, bwanamkubwa Gavin Newsom n'kusaina lamulo latsopano: kuyambira Januwale 2023, madola 350,000 kwa wovulala ndi 500,000 ngati munthu wamwalira, n'kumakwera chaka chilichonse kwa zaka 10 mpaka 750,000 ndi 1 miliyoni. Kwa munthu wa kwathu womva ziwerengero izi m'makwacha, ndi chuma chosasimbika. Koma chotsanipo madokotala a umboni, gawo la loya, ndi mwayi waukulu woti mlandu ugonja osapeza kalikonse. Injiniya wa zaka 40 akataya diso, malipiro ake otayika amanyamula mlandu. Gogo wosalembedwa ntchito, amene ntchito yake ndi kubereka mdzukulu ndi kutsuka mbale, pa masamu amenewa ali ngati alibe mtengo. Ana aang'ono ndi okalamba ndiwo amasowa maloya.

Anatiuzanso chinthu chimene chinawaseketsa Amayi koyamba m'masabata ambiri. Kwathu timati mlandu suola. Kuno umaola. Ku California uli ndi chaka chimodzi kuchokera tsiku limene wazindikira kuti wavulazidwa, kapena zaka zitatu kuchokera tsiku lovulala, ndipo imene yayamba kukwana ndiyo imatseka khomo. Pamwamba pa apo uyenera kumuchenjeza dokotala masiku 90 usanasume. "Ndiye kuti kuno milandu ndi tomato," anatero Amayi.

Kenako anafunsa funso lija. Kodi Amayi anasaina mgwirizano wa arbitration? Ndinati sindikudziwa. Anaitanitsa fayilo, ndipo patapita masabata anatiitana n'kutiikira pepala patebulo. Zilembo zofiira zija. Pansi pake dzina la Amayi, lolembedwa mosamala.

Mawu ofiirawo tanthauzo lake ndi ili: posaina pano mukuvomera kuti dandaulo lililonse lokhudza kulakwitsa kwa chithandizo lidzagamulidwa ndi mkhalapakati wosakondera, ndipo mukutaya ufulu wanu wokazenga mlandu kukhoti kapena pamaso pa jury, lija gulu la anthu wamba limene limasankhidwa kumva mlandu. Lamulo la California, gawo 1295 la malamulo a kazengedwe ka milandu, ndilo limalamula kuti mawuwo akhale ofiira, akuluakulu, pamwamba penipeni pa siginecha. Lamulo lomwelo limapatsa wodwala masiku 30 oti asinthe maganizo polemba kalata. Masiku 30 athuwo anatha tili pa mzere wa ku chipatala chachikulu, tikumenyera diso. Ndipo pepala likakhala kuti latsata zonsezi, lamulolo limanena kuti khoti lisalione ngati mgwirizano wopondereza. Chipatala chija sichinaphwanye kalikonse. Chinachita zonse molongosoka. Ndi ine ndinaloza.

Usiku umenewo ndinayesa kuwafotokozera Amayi kuti arbitration n'chiyani. Ndinati, zili ngati ankhoswe. Mbali iyi isankha munthu wake, mbali iyo wake, awiriwo n'kugwirizana za wachitatu, kapena onse n'kuvomerezana za munthu mmodzi, kawirikawiri jaji wopuma ntchito kapena loya wakale. Mukumana m'chipinda cha ofesi, mboni zilankhula, iye agamula. Amayi anagwedeza mutu kuti zili bwino. Nkhani ya m'nyumba siyenera kuthamangira kubwalo ankhoswe alipo. Ndiye anafunsa: "Nanga zikakanika kwa ankhoswe, timapita kwa amfumu?"

Ayi, Amayi. Palibe kwa amfumu.

Pamenepa ndi pamene fanizo langa linagwera. Chigamulo cha mkhalapakati ndi chomaliza. Khoti lalikulu la California linanena mu 1992, pa mlandu wa Moncharsh, kuti ngakhale mkhalapakati atalakwitsa pomasulira lamulo kapena poona umboni, khoti silingalowererepo kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, monga chinyengo kapena katangale. Apilo yeniyeni palibe. Kusiyana kwina Amayi anakupeza okha. Nkhoswe ndi munthu wako, amakudziwa, ndipo salandira kanthu. Mkhalapakati amalipidwa madola mazanamazana pa ola, ndipo ntchito yake ya mawa imadalira kuti asankhidwenso. Ife tidzaima pamaso pake kamodzi m'moyo wathu wonse. Kampani ya inshuwalansi ya madokotala imabwera mwezi ndi mwezi, ndipo imakumbukira amene anaigamulira mowawa. Sindikunena kuti amkhalapakati ndi akuba. Ambiri ndi anthu olemekezeka amene akhala pa mpando wa jaji zaka zambiri. Ndikungonena kuti kwathu, munthu amene nkhuku zake zimadya pakhomo pa mmodzi wa okangana sitimamuika pakati.

Ndipo kubwalo kumakhala anthu. Izi ndi zimene zimandipweteka kwambiri. Mlandu wa pansi pa kachere umamveka ndi mudzi wonse, ngakhale ongodutsa ndi mitolo ya nkhuni, ndipo amene ali ndi khalidwe lomwelo amamva n'kudzikonza. Khoti la kuno nalo ndi lotseguka: aliyense angathe kukawerenga zimene zinasumidwa ndi zimene mboni zinanena. Za m'chipinda cha mkhalapakati zimathera momwemo. Ngati pa chipatala chija panali chizolowezi choti foni za Lachisanu madzulo zizidikira Lolemba, gogo wotsatira sakanachidziwa kudzera mwa ife.

Loya wathu ankakonda kutchula dzina la Engalla, ndipo nditawerenga nkhani yake ndinamvetsa chifukwa chake. Wilfredo Engalla anali pa inshuwalansi ya Kaiser Permanente kudzera kuntchito kwake. Kaiser ndi bungwe lalikulu la zaumoyo kuno, ndipo mamembala ake ku California amalowa mu arbitration pongolembetsa. Khoti linavomereza kale mu 1976, pa mlandu wa Madden, kuti abwana kapena bungwe lokukambirana inshuwalansi lingathe kukumangirira chonchi iwe osasaina chilichonse. Bamboyu anadandaula za chifuwa kwa zaka zingapo, ndipo pamene ankamupeza ndi khansa ya m'mapapo mu 1991, inali itafika posachitika opareshoni. Kumapeto kwa Meyi chaka chimenecho iye ndi banja lake anapempha arbitration, loya wake akuchonderera kuti zifulumire poti munthu akufa. Malamulo a Kaiser ankanena kuti mkhalapakati wosakondera adzapezeka pasanathe masiku 60. Anapezeka patatha masiku 144. Mawa lake Engalla anamwalira.

Banja litapita kukhoti, ziwerengero zinatuluka poyera. Lonjezo la masiku 60 lija linkakwaniritsidwa pa mlandu umodzi mwa 100 iliyonse. Pa avareji, kungopeza mkhalapakati kunkatenga masiku 674, kufika pomva mlandu masiku 863. Panalinso kanthu kena kozizitsa thupi: chifukwa cha denga la MICRA lija, imfa ya wodandaula inkachepetsa ndalama zimene zikanaperekedwa, poti za ululu wake zinkafa naye limodzi. Mu 1997 khoti lalikulu la California linagamula kuti panali umboni wokwanira woti khoti laling'ono liunike ngati banjalo linanyengedwa polowa mu mgwirizanowo, komanso ngati Kaiser inadzitayitsa yokha ufulu wa arbitration pozengereza. Zitatero Kaiser inachotsa kayendetsedwe ka milanduyi m'manja mwake n'kukapereka ku ofesi yoima payokha, imene inayamba ntchito mu 1999 ndipo imatulutsa malipoti chaka ndi chaka. Zinthu zinasintha ndithu. Koma taonani mmene zinasinthira: chifukwa banja limodzi linakwanitsa kuturutsira nkhani yake pabwalo loonekera.

Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo pepala ngati lomweli ndaliona kambirimbiri lili m'manja mwa ana a anthu. Tsiku lobweretsa kholo kumalo ngati athu ndi tsiku loipa kwa aliyense: mwana akudziimba mlandu, kholo likulira kapena silikudziwa kumene lili, ndipo pali masamba makumi oti asainidwe. Nkhondo ya pepala limeneli yafika mpaka ku khoti lalikulu la dziko lonse. Ku Kentucky, amayi awiri anasainira abale awo, wina mwamuna wake, wina mayi ake, pogwiritsa ntchito kalata yowapatsa mphamvu yoimira odwalawo. Okalambawo atamwalira, mabanja anasumira kampani ya Kindred, imene inkayendetsa nyumba yosamalira okalambawo, ndipo khoti la Kentucky linati munthu sangatayire mnzake ufulu wa kukhoti popanda kuuzidwa mwachindunji kuti atero. Mu 2017 khoti lalikulu la dziko lonse lija linakana maganizo amenewo, potsamira lamulo la arbitration la dziko lonse la 1925, lamulo limene pachiyambi linkaganizira amalonda okangana pa katundu. Boma la Obama linayesa mu 2016 kuletsa nyumba za okalamba kusainitsa mapepalawa mkangano usanabuke. Khoti la ku Mississippi linaimitsa chiletsocho chisanayambe n'kugwira ntchito komwe. Chimene chilipo kuyambira 2019 ndi chakuti angathe kukupatsa pepalalo, koma sangakane kulandira kholo lako chifukwa wakana kusaina, ndipo uli ndi masiku 30 obweza mawu. Ndi angati amadziwa? Ine ndemwe, wogwira ntchito m'nyumba yotereyi, ndinadziwa Amayi atataya diso.

Ndisakhale ngati wolalikira mbali imodzi. Khoti si paradaiso. Mlandu wa chipatala ukafika kwa jury, odwala amapambana pafupifupi umodzi pa milandu inayi. Anthu wamba amakhulupirira madokotala, ndipo nthawi zambiri amakhoza kutero. Milandu imatenga zaka, ndipo gawo lalikulu la ndalama limathera kwa maloya ndi akatswiri a mbali zonse. Kuika Amayi pa bokosi la mboni, m'chipinda chodzaza alendo, loya wa mbali ina akuwapanikiza kudzera mwa womasulira kuti bwanji sanapite okha kuchipatala Loweruka, ndi chinthu chimene sindikanachifuna. Madokotala nawo ali ndi dandaulo lomveka: mlandu umodzi, ngakhale wopanda mutu, umamudya munthu zaka, ndipo mantha ake amawachititsa kuyeza zinthu zosafunika kungoti adziteteze. Akanatifunsa pambuyo pa ngozi, titakhala pansi ndi loya wathu, kuti tisankhe pakati pa khoti ndi chipinda chachete, mwina tikanasankha chipindacho. Vuto langa si mkhalapakati. Vuto langa ndi nthawi imene amakufunsa: usanavulale, usanadziwe kukula kwa chimene ukutaya, uli ndi chifunga m'maso, pakauntala, pakati pa pepala la inshuwalansi ndi la mankhwala amene thupi lako limadana nawo. Kuvomera kwa munthu amene akufuna thandizo kwa iwe n'kopepuka ngati mankhusu.

Pali mawu amodzi amene Amayi ankawadikira nthawi yonseyi. Patapita sabata ziwiri chichitikire ngoziyo, dokotala amene anachita opareshoni anawaona, ndipo anawagwira dzanja n'kunena kuti akumva chisoni ndi zimene zachitika. Ndinamasulira kuti "akuti pepani." Amayi anakhutira, anati munthuyu ndi wolera bwino. Koma "pepani" wathu ndi mtanga waukulu: timanena kwa wopunthwa pa mwala umene sitinauike ife, timanenanso tikathyola mwendo wa mbuzi ya mnzathu. Lamulo la California limawasiyanitsa awiriwa ndi mpeni. Mawu achisoni kwa wovulala sangagwiritsidwe ntchito ngati umboni kukhoti. Mawu ovomera kulakwa angathe. Ndiye dokotala amaphunzira kunena pepani wa pa mwala, osafika pa pepani wa mbuzi. Ine ndinawapatsa Amayi wachiwiriyo pomwe iye ananena woyambayo. Kumeneko kunali kumasulira kwanga kolakwika kwachiwiri.

Sikuti sizingatheke mwina. Zipatala za University of Michigan zinayamba cha mu 2001 kuchita zosiyana: pakachitika ngozi amafufuza okha, amauza banja zimene apeza, ngati analakwa amavomera n'kupereka chipukuta misozi osadikira kusumiridwa, ngati sanalakwe amafotokoza chifukwa chake n'kuima nji. Ambiri ankati adzamira ndi milandu. Milandu inachepa. New Zealand inapita patali kuposa apo: kuyambira 1974 wovulala amathandizidwa ndi thumba la boma, osati posumira dokotala. Njira zonsezi zili ndi zilema zake, koma zimayambira pa chinthu chimene Amayi akanachimvetsa popanda womasulira, chakuti wolakwiridwa amafuna kaye kumva chimene chinachitika.

Mchemwali wanga wa ku Lilongwe nditamuuza zonsezi pa WhatsApp anandiseka. Anati inu a ku America mumadandaula kuti akulandani khoti, ife kuno tinayamba taliona? Ali ndi mfundo. Kwathu kuli Medical Council of Malawi, kuli bungwe la anamwino ndi azamba, makhoti aliponso, ndipo mu 2019 ofesi ya Ombudsman, nthawi ya Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lokhudza amayi amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma pambuyo pa uchembere wosayenda bwino. Koma munthu wamba akasainira opareshoni amakhulupirira kuti wasainira chilichonse chimene chingachitike, imfa yomwe, ndipo pakamwa pake watseka yekha. Si zoona, kwathu ngakhale kuno: kuvomera zoopsa za opareshoni si kuvomera kulekereredwa. Koma n'zimene Amayi ankaganiza posaina mapepala onse aja, ndipo chodabwitsa n'chakuti pa pepala limodzi lokha la zilembo zofiira, iwo anali pafupi ndi choonadi kuposa ine.

Mmene nkhani yathu inathera sindingafotokoze zambiri. Sitinafike n'komwe pamaso pa mkhalapakati. Loya wathu anapeza dokotala wa umboni, anatumiza chenjezo la masiku 90, anaitanitsa kaundula wa mafoni, ndipo patapita miyezi yambiri mbali inayo inabwera ndi chiwerengero. Tinavomera. Kuti ndalamayo ituluke panafunika kusaina pepala linanso, lonena kuti chipatala sichikuvomera kulakwa kulikonse, ndipo ife sitidzatchula dzina lake kapena kuchuluka kwa ndalama. Limeneli ndinaliwerenga liwu ndi liwu, kawiri, n'kuwamasulira Amayi lonse. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye akutipatsa ndalama, koma akuti sanalakwe?"

"Eya."

"Nanga akulipira chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Anasaina. Ina mwa ndalamayo anafoletsa nayo nyumba ya ku Dedza ndi malata atsopano, ina analipirira fizi adzukulu awiri. Uthenga wa Loweruka uja, kuti anaumva ndani ndipo anauchita chiyani, loya anationetsa zimene kaundula akunena, koma pakamwa pa munthu wa ku chipatalako sitinamve kalikonse mpaka lero.

Diso lakumanja linatenga chaka ndi theka kuti Amayi alolere. Ng'ala inali itakhwima, akuyenda chogwira khoma, ndipo tsiku lina analephera kuzindikira mdzukulu wawo pakhomo la sukulu. Madzulo ake anandiuza okha kuti ndipeze dokotala wina. Tinapita kutauni ina. Kauntala ina, mtsikana wina, kathabwa komweko ndi tizizindikiro tachikasu. Ulendo uno mwana ndinamusiya kwa aneba, ndipo ndinali nditagona. Tinakhala pakona pafupifupi ola lathunthu, ine ndikuwerenga, iwo akumvetsera. Linali la chisanu ndi chimodzi pa mulu.

Ndinabwerera nalo pakauntala mtima ukugunda, nditakonzeka kukangana, nditakonzekanso kuuzidwa kuti tikafune dokotala kwina, poti pa chithandizo chosakhala changozi dokotala wa kuno angathe kutero. Ndinati ili Amayi sasaina. Mtsikanayo analiyang'ana, anati palibe vuto, limenelo n'lakufuna kwanu, n'kulisolola pa kathabwa, n'kuliponya m'kabati ya pansi pa tebulo. Kenako anafunsa ngati tili ndi nambala ina ya foni yoti aziimbapo.

Nditabwerera pampando Amayi anafunsa kuti wati chiyani.

"Akuti n'lakufuna kwathu."

Anakhala chete kanthawi, diso labwinolo likuyang'ana kumene kunali kuwala kwa zenera. Kenako anandiuza kuti ndimufunse mtsikanayo kuti Lachisanu madzulo foni amayankha ndani.